Ndigule kamera yanji yophunzirira kujambula?

Funso: Akonzi, ndikufuna kuyamba kujambula ndi kamera yaing'ono yolowa m'thumba. Wogulitsa akuti ya megapixel zambiri ndiye yabwino. N'zoona? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Ayi ndithu, pamenepo akungofuna ndalama zanu. Megapixel ndi timadontho miliyoni imodzi topanga chithunzi, ndipo 12 mpaka 20 n'zokwanira. Chachikulu ndi kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala. Sensa ya inchi 1, monga ya Sony RX100 kapena Canon G7 X, imajambula bwino m'tchalitchi ndi madzulo, pomwe kasensa kakang'ono kamatulutsa zithunzi zokhala ngati mwawazapo mchenga.

Onaninso nambala ya pa lenzi: f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka kuposa f/3.5. Zoom, yokokera pafupi zinthu zakutali, yodalirika ndi optical, yomwe imagwira ntchito ndi magalasi a lenzi. Digital imangotambasula chithunzi n'kuchiwononga.

Kamera ikakhala yakale, iyatseni n'kuizimitsa kangapo. Lenzi ikamatuluka mokakamira kapena molira, mwina mwalowa mchenga, isiyeni. Kenako jambulani khoma loyera. Kadontho kakuda kakamabwera pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, ndi fumbi pa sensa, ndipo popeza lenzi ya makamerawa sichotseka, kulichotsa mpaka kumasula kamera yonse.

Batire yachiwiri gulirani pomwepo, timabatire take sitichedwa kutha.