Za sitima ija inamira tsiku loyamba lomwe

Achimwene mwafunsa ngati nzoona kuti kuli sitima yankhondo inamira tsiku lomwe inayamba ulendo, eee nzoona, si nthano ayi. Dzina lake Vasa, ya ku Sweden. Analamula kuti ipangidwe ndi mfumu Gustav II Adolf, nthawi imeneyo ali pankhondo ndi Poland ndiye ankafuna chinthu choti adani akangochiona mawondo azigundana. Inali yamatabwa, yoyendera mphepo, mizinga 64 yamkuwa yambiri mwa iyo itandandalikidwa pansanjika ziwiri, ziboliboli zopaka utoto zili mbwee. Kukongola inakongola ndithu koma pansi inali yopapatiza pamwamba yolemera, miyala yomwe anaika kunsi kuti izikhazikika m'madzi inachepa.

Tsono chimandiwawa ine nchakuti anthu ankadziwa. Isananyamuke kaputeni wake Söfring Hansson anauza amuna 30 kuti azithamanga uku ndi uku pamwamba pake, mkulu wa asilikali apamadzi Klas Fleming akuonerera, atangothamanga katatu basi anawaimitsa poopa kuti igubuduka pompo padoko. Koma ndani akanalimba mtima kuuza mfumu kuti ndalama zonse zija zapita pachabe, iyonso ili kalikiliki kulemba makalata kuti fulumirani? Mmisiri amene anaiyamba, Henrik Hybertsson wa ku Holland, anali atamwalira kale mu 1627.

Ndiye pa 10 Ogasiti 1628 anthu adzaza mphepete mwa madzi ku Stockholm, likulu la Sweden, kudzaonerera, yangoyenda mamita pafupifupi 1,300 kamphepo kawomba iyo nkupendekeka, timazenera ta mizinga tapansi tili pululu madzi nkuyamba kukhuthukiramo, basi yapita anthu akuona. Anafa anthu pafupifupi 30, akazi omwe, poti ena anatenga apabanja kuti akwere nawo pang'ono. Mlandu anauzenga koma palibe analangidwa, aliyense ankangoti miyezo yake inavomerezedwa ndi mfumu, nanga mfumu ungaimange?

Munthu wina wa ku Sweden wofufuza sitima zomira, Anders Franzén, anaipeza mu 1956, anaivuula pa 24 Epulo 1961 itagona pansi zaka 333 koma matabwa ali bwinobwino, chifukwa madzi a m'nyanja ya Baltic momwe inamiramo mchere wake ngochepa ndiye tizilombo tofumbwitsa matabwa m'nyanja sitikhalamo. Anaipopera mankhwala zaka 17 kuti isang'aluke pouma. Panopa ili mu myuziyamu yakeyake ku Stockholm komweko, inatsegulidwa mu 1990, anzathu muli ku Sweden tatijambulireniko muponye muno.