Achemwali oopa madzi aja, yankho lanu ndi ili

Mayi wina wa ku Glasgow wandilembera imelo, akuti anzake akumukoka akayende pa boti sabata yathunthu mu ngalande ya ku Scotland yotchedwa Caledonian Canal koma iye madzi amawaopa, apite kapena asapite? Achemwali, funso lanuli landikhudza zedi.

Ine ndinakulira ku Nkhata Bay koma kwa zaka zambiri phazi langa silinkaponda m'boti. Ndili mwana mwera unatipeza pakati pa nyanja tili m'kaboti kamatabwa, amayi anandikumbatira chitenje chili chonyowa, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, mpaka lero ndikatseka maso ndimaimva. Ngakhale Ilala ikafika pa doko ndinkangoionera patali, sitima yoti inapangidwa konkuno ku Scotland n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ndiye tsiku limene ndinakwera boti ku Inverness, koyambira ngalandeyi, manja ankanjenjemera, chingwe ndinachigwira mpaka zikhatho kuwawa.

Chinandichiritsa ndi ma lock. Boti limalowa pakati pa makoma awiri amiyala, zitseko zikuluzikulu n'kutsekeka kumbuyo, madzi amayamba kuwira pansi ndipo khoma la ndere lija umaliona likutsika pang'onopang'ono pomwe iwe ukukwera. Ku Fort Augustus alipo 5 otsatizana, timatsika n'kumakoka boti ndi zingwe ngati tikutsogolera ng'ombe, anthu ali m'mbali kuonerera. Madzi omwewo ndinkawaopa aja apa akumvera munthu! Injiniya Thomas Telford ndi anthu ake anakumba ngalandeyi ndi manja, inatsegulidwa mu 1822, ma lock onse ndi 29 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 97.

Ndipo zoti maulendo otere ndi a azungu okha ine zimandipweteka, ife ana a kunyanja tizikhala kumtunda chifukwa chani? Timagwira mashifiti usiku ndi usana, kutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, ndiye sabata imodzi yokha tidzimane? Ayi ndakana.

Zoti mudziwe

Nyanja ya Loch Ness, yomwe mudzadutsamo pa ulendowu, ndi yakuya mamita 230 ndipo kukachita mphepo imawinduka, tsiku lotero dikirani pa doko, musachite manyazi kuwauza anzanuwo. Ma lock ali ndi antchito ake otsegula, inu yanu ndi chingwe basi. Jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse, tenganinso mankhwala othamangitsa tizilombo toluma ta midges tija. Pitani achemwali, mukabwerako mundilembere.