Mitu ya pamwamba ikasowa, munthu wosaba amasanduka wakuba

Ndalandira imelo kuchokera kwa amayi ena a ku Katete, msungichuma wa gulu la village banking. Akuti mayina a mamembala ali mu Excel, koma akangotsika kufika kwa munthu wa nambala 40 mitu yonse ya pamwamba imazimirira, ndipo sadziwanso ngati nambala imene akuiona ndi ya masheya, ya ngongole kapena ya chindapusa. Pakali pano analemba mituyo pa kapepala n'kumata ndi selotepi pamwamba pa sikirini. Akufunsa ngati pali njira ina.

Amayi, njira ilipo: ndi kumanga mitu kuti isasunthe pogwiritsa ntchito batani la mu Excel lotchedwa Freeze Panes, ndipo sitenga ngakhale mphindi imodzi. Koma kapepala kanuko kandikhudza kwambiri, chifukwa ndinaonapo vuto lomweli likuwononga mbiri ya munthu wabwino.

Zaka zapitazo ndinkathandizako ntchito zolemba pa kopaletivu ina ya alimi kunja kwa Chipata, kumbali ya msewu wa ku Chadiza. Mlembi wake anali bambo wachikulire, mphunzitsi wopuma pa ntchito, munthu wolemba mwaukhondo moti ukaona buku lake unkalakalaka kungoliyang'ana. Bukulo linali lachikuto cholimba, ndipo iwo anachita nalo luso limene anatengera ku kaundula wa m'kalasi. Mayina onse anawalemba pa tsamba loyamba kumanzere, ndiyeno masamba otsatira anawadula ndi lezala kuti akhale aafupi. Akatembenuza tsamba la Okutobala, mayina ali pomwepo. Akatembenuza la Novembala, mayina ali pomwepo. Chala chimodzi chili pa dzina, china chikuyenda pa manambala. Pa zaka zonse zimene anasunga bukulo palibe mlimi anabwerapo kudzakangana nawo.

Kenako kunabwera laputopu, ndipo anauzidwa kuti zonse zizilembedwa mu Excel. Anakaphunzira ku tauni masiku angapo, nabwerako ndi satifiketi. Anayala makolamu awo bwinobwino: dzina, nambala ya chitupa cha NRC, mudzi, foni, mahekitala, ndalama zimene walipira, ndalama zotsala, matumba a feteleza wa D Compound, matumba a Urea. Pamwamba zonse zinkaoneka. Vuto linali pansi, kumene kuli mayina oyamba ndi T ndi Z, a Tembo ndi a Zulu amene kuno kwathu ali mbwee. Kumeneko sikirini inkangoonetsa manambala okhaokha, ndipo akasuntha kumanja kuti aone matumba, mayina nawo ankathawa.

Tsiku la msonkhano, anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, iwo ankawerenga mokweza amene sanamalize kulipira. Atafika pa dzina la agogo ena aakazi, anawerenga ndalama zonse za mu kolamu ya zolipira ngati kuti ndi zotsala, poti makolamu awiriwo anali oyandikana ndipo mitu inali itasowa kalekale. Agogowo anaimirira osalankhula kanthu. Anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kutulutsa lisiti yopindapinda, yofiirira ndi thukuta, yokhala ndi siginecha ya mlembi yemweyo. Anali atagulitsa nshawa zawo kuti alipire. Anangoti, "Aphunzitsi, dzanja ili si lanu?"

Zinakonzedwa tsiku lomwelo. Tinakwera pamwamba, tinawerenga makolamu ndi chala, tinaona kuti agogowo analibe ngongole ngakhale ngwee imodzi. Mlembi anapepesa pamaso pa onse. Koma mukudziwa mmene nkhani za ndalama zimayendera kumudzi. Pofika madzulo nkhani inali itasanduka yakuti aphunzitsi amafuna kudya ndalama za nkhalamba, anangogwidwa chifukwa cha lisiti. Nyengo yotsatira anatula pansi udindo. Munthu amene ndi lezala anapeza yekha njira yosungira mayina pamaso pake, anachoka ndi manyazi chifukwa palibe anamuonetsa kuti kompyuta ili ndi batani lochita zomwezo.

Ine mlandu ndimauika pa amene anamuphunzitsa, ndipo sindisintha maganizo. Ndaona zimene ambiri amaphunzira m'timasukulu ta makompyuta: kusintha mtundu wa zilembo, kupaka makolamu utoto wachikasu, kuika malire okongola, kuwonkhetsa manambala asanu a chitsanzo. Manambala asanu! Tebulo la mizere isanu limakwana pa sikirini, ndiye wophunzira sakumana konse ndi vuto limene adzakumane nalo tsiku loyamba la ntchito yeniyeni. Ntchito yeniyeni kuno ndi mndandanda wa alimi mazanamazana, ana a Grade 7 a sukulu yonse, zopereka za mpingo za chaka chathunthu, ngongole za m'golosale. Kuyambira Excel ya 2007, tsamba limodzi lili ndi mizere 1,048,576 ndi makolamu 16,384, pamene sikirini ya laputopu wamba imakuonetsani mizere makumi awiri ndi ingapo basi. Kuphunzitsa munthu Excel osamuonetsa kumanga mitu n'kumulanda ndalama zake.

Ndipo si kanthu katsopano kakuti mwina aphunzitsi sanakamve. Pulogalamu ya VisiCalc, imene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa mu 1979 pa kompyuta ya Apple II, inali kale ndi lamulo lomangira mitu kuti isasunthe. Lotus 1-2-3 ya mu 1983 inalinso nalo. Anthu amenewo ankadziwa kuti nambala yopanda mutu ili ngati thumba la chimanga lopanda dzina kuchigayo: aliyense akhoza kulinena kuti ndi lake. 500 ndi chiyani? Ndi zimene mayi walipira, kapena zimene akuyenera kubweza? Manambala ake ndi omwewo, koma pakati pa ziwirizi pali ubale wa anthu.

Pali chinanso chimandinyansa, poti tayamba kale. Ndi mafomu aja amene timatumizirana pa WhatsApp, okhala ndi chizindikiro cha gulu pamwamba, dzina la gulu m'zilembo zikuluzikulu, adiresi, mawu olimbikitsa, mzere wopanda kanthu, ndiyeno mitu yeniyeni ili pa mzere wa 8. Mukamanga mizere eyiti yonseyo, theka la sikirini latha, ndipo pa foni simuona munthu ngakhale mmodzi. Choipa koposa ndi mabokosi olumikizidwa ndi Merge kuti dzina la gulu likhale pakati. Mu Google Sheets, pulogalamu ya Google yofanana ndi Excel, mukafuna kumanga kolamu imene yadula bokosi lolumikizidwa, imakana. Ine ndimati mzere woyamba ndi wa mitu basi, mutu uliwonse m'bokosi lake, mawu aafupi. Dzina la gulu likhale pa dzina la fayilo kapena pa kadzina ka tsamba kali m'munsi. Mamembala anu akudziwa kale dzina la gulu lawo. Chimene akufuna kudziwa ndi ndalama zawo.

Ndipo pamene mukukonza, musaike kolamu ya zolipira ndi ya zotsala moyandikana zili zofanana maonekedwe. Pakani imodzi utoto wofiirira pang'ono kuchokera pamwamba mpaka pansi. Utoto umenewo ndi wa ntchito, si wokongoletsa.

Chochita mu Excel

Lamulo lake ndi limodzi: Excel imamanga zonse zili pamwamba ndi kumanzere kwa kabokosi kamene mwadina. Choyamba kwerani pamwamba penipeni ndi Ctrl ndi Home. Ngati mitu ili pa mzere 1 ndipo mayina ali mu kolamu A, dinani kabokosi B2. Pitani pa View, dinani Freeze Panes, ndipo pa zimene zatsika sankhani yoyamba, yolembedwanso kuti Freeze Panes. Muona timizere tiwiri topyapyala, kena kogona, kena koimirira. Tsikani mpaka kwa munthu womaliza, mitu ili pomwepo. Pitani kumanja mpaka Disembala, mayina ali pomwepo. Ngati kolamu A ndi ya manambala ndipo mayina ali mu B, dinani C2. Ngati mitu yatenga mizere iwiri, dinani B3, kapena C3 ngati mayina ali mu B. Okonda kiyibodi adine Alt, kenako W, F, F motsatizana.

Ambiri amakodwa pa zisankho zina ziwiri zija, Freeze Top Row ndi Freeze First Column. Amadina yoyamba, kenako yachiwiri, poganiza kuti zigwira zonse pamodzi, koma yachiwiri imamasula yoyamba. Komanso Freeze Top Row imamanga mzere umene uli pamwamba pa sikirini nthawi imeneyo, osati mzere 1 nthawi zonse. Mukaidina muli pakati pa mndandanda, imanga dzina la membala wina, ndipo mizere ya pamwamba pake simuifikanso. Musachite mantha kuti mayina afufutika. Bwererani pa View, Freeze Panes, Unfreeze Panes, onse abwera. Batani likaoneka lotuwa losadinika, ndiye kuti mukadali mkati molemba m'kabokosi, choncho dinani Enter kapena Esc, apo ayi muli pa maonekedwe a Page Layout ndipo muyenera kubwerera pa Normal.

Mu Google Sheets ndi View, Freeze, kenako 1 row, n'kubwereranso kusankha 1 column. Kumeneko ziwirizi sizilimbana. Pa foni, gwirani nambala ya mzere kumanzere mpaka zisankho zituluke, n'kupeza Freeze. Pa foni mangani kolamu imodzi yokha ndipo muichepetse, chifukwa ikakula idya sikirini yonse. Amene muli ndi LibreOffice Calc, dinani kabokosi komweko B2, kenako View, Freeze Rows and Columns.

Tsamba lililonse la mu fayilo limamangidwa palokha, ndiye ngati muli ndi la masheya, la ngongole ndi la thumba la zadzidzidzi, chitani pa onse atatu. Mukasunga fayilo ngati xlsx, mtundu wa masiku onse wa mafayilo a Excel, zimakhalabe choncho mawa, ndi kwa wapampando mukamutumizira. Mukasunga ngati CSV zimatayika. Dziwaninso kuti kumanga mitu sikuletsa munthu kusintha kapena kufufuta zimene mwalemba. Imeneyo ndi ntchito ya Protect Sheet, ndipo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chomaliza ndi cha tsiku logawana ndalama, pamene mudzafuna mapepala oti aliyense agwire m'manja. Freeze Panes imagwira pa sikirini pokha, pa pepala ayi. Mukapulinta chonchi, tsamba loyamba likhala ndi mitu, lachiwiri manambala okhaokha, ndipo mayi amene dzina lake lili pa tsamba lachiwiri adzakhala ndi ufulu wonse wokufunsani kuti 500 yakeyo ndi ya chiyani. Pitani pa Page Layout, Print Titles, ndipo pa Rows to repeat at top lembani $1:$1. Ngati miyezi yasefukira pa pepala lina kumanja, lembaninso $A:$A pa Columns to repeat at left kuti mayina atsatire. Chitani zimenezi kunyumba musanapite kopulintitsa, musunge, ndipo mukafika kumeneko muuze mnyamata wa pa kompyutayo akuonetseni tsamba lachiwiri pa Print Preview musanalipire.