Za bambo anu omwe angokhala duu chichitikireni sitiroko

Achemwali, mwati bambo anu a zaka 70 chidwalireni BP ndi kasitiroko kaja amangokhala pakhonde duu, kudimba sapita, kucheza safuna, ndiye mukufunsa ngati adzabwererenso mwakale. Ine ndinasamalirapo mayi anga pa vuto lomweli.

Musamvere oti "ndi ukalamba basi", kapena oti alodzedwa. BP ndi shuga zikakhalitsa zimawononga timitsempha ta magazi ting'onoting'ono ta mu ubongo, tomwe timadyetsa mbali yothandiza munthu kukonza zochita ndi kukhala ndi chidwi. Madokotala a ku America, George Alexopoulos ndi Ranga Krishnan, analemba mu 1997 za matenda a kukhumudwa (ovutika maganizo) obwera chifukwa cha kuwonongeka kwa timitsemphati. Mwa anthu atatu odwala sitiroko, pafupifupi mmodzi amagwidwa ndi matenda ovutika maganizo. Chosokoneza n'choti ambiri salira. Mayi anga ankangofungatira lichero la nyemba pamiyendo n'kumaliyang'ana, osadziwa poyambira.

Kuchira kulipo, koma mankhwala amachedwa kugwira kusiyana ndi kwa achinyamata. Ife tinadikira pafupifupi miyezi itatu, ine nditatsala pang'ono kutaya mtima. Akawapatsa amitriptyline, funsani adokotala ngati palibe ena monga fluoxetine kapena sertraline, chifukwa amitriptyline amachititsa okalamba chizungulire, ena mpaka kugwa kapena kuvutika pokodza. Akayamba kupeza bwino musawasiyitse msanga, matendawa amabwereranso. Mapiritsi a BP nawonso tsiku ndi tsiku, osati pokhapokha mutu ukawawa.

Kunyumba musawauze kuti "limbani mtima", sizithandiza. Mawu oti "kalimeni" kwa iwo ndi phiri. Adulireni ntchitoyo tizidutswa: lero athirire bedi limodzi la mpiru, mawa muyende nawo mpaka pa mjigo. Ine ndinkakhala pambali pa mayi anga n'kuyamba kusankha nyemba zija, iwo n'kumatsatira.

Ndisakunamizeni, ena amatsala ochedwa kuganiza kapena oiwalaiwala, choncho pitirizani kupita nawo kuchipatala. Akayamba kukana chakudya kapena kunena zoti bola afe, musadikire tsiku lomwe adokotala anawapatsa, thamangirani kuchipatala cha boma. Kukafunika akatswiri, kuli Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi Lilongwe.

Mayi anga ndinadziwa kuti ayamba kuchira tsiku lomwe anandikalipira kuti ndiwo mulibe mchere. Mcherewo sindinawonjezere, ndi a BP, koma ndinaseka mpaka misozi.