Funsani za Kompyuta: Backup Ikungolephera

*Ndili ndi kashopu kolemba ndi kusindikiza makalata pafupi ndi msika wa Kapata. Mwana wa mkulu wanga anandiikira File History pa laputopu ya Windows 10 kuti izisunga yokha mafayilo pa hard drive yakunja ya 1TB. Poyamba zinkayenda. Tsopano imangondiuza kuti "Reconnect your drive", chonsecho chingwe n'cholumikiza ndipo kagetsi ka drive kakuyaka. Kodi yafa? Mayi wa ku Kapata, Chipata.*

Mayi, musaitaye kaye. Kagetsi kamayaka ngakhale mphamvu ikhale yochepa, koma kuzunguza mbale ya m'kati mwa drive kumafuna mphamvu yokwanira. Drive zing'onozing'onozi zilibe chaja, zimadalira dzenje la USB. Dzenje la USB 2.0 limapereka 500mA, la USB 3.0 limapereka 900mA ndipo nthawi zambiri limakhala la buluu m'kati. Lowetsani drive m'la buluulo, ndi chingwe chachifupi chimene inabwera nacho. Musaidzeretse pa hub (kachipangizo kochulukitsa madzenje a USB) imene mwalumikizapo kale printa, mausi ndi flashi za makasitomala. Kenako ikani khutu pa drive. Kulira kosalala n'kwabwino. Ikamati tiki, tiki, n'kukhala chete n'kuyambiranso, yesani chingwe china, ndipo ikapitiriza koperani msanga zofunika zonse kwina.

Chachiwiri chimagwirizana ndi kuzima kwa magetsi. Windows imagoneka madzenje a USB pofuna kusunga batire. Pitani ku Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, ndipo pa USB selective suspend setting sankhani Disabled, pa batire ndi pa magetsi pomwe.

Zikakanikabe, lekani kuombeza, kompyuta inalemba kale chifukwa chake. Mu Control Panel tsegulani File History, Advanced settings, n'kudina Open File History event logs. Pa shopu ngati yanu timayembekezera ziwiri. Choyamba ndi mayina aatali. Njira yonse ya fayilo, kuyambira chilembo cha drive mpaka dzina lake, ikapitirira zilembo 260 mavuto amayamba, ndipo File History imawonjezeranso mafoda ake ndi deti pa dzina lililonse. Foda ya kasitomala m'kati mwa foda ya sukulu m'kati mwa foda ya chaka, kenako fayilo yotchedwa ndi mutu wonse wa kalata: fupikitsani zimenezo. Chinacho ndi kudzaza. Ikangoikidwa, File History imasunga ola lililonse ndipo siifufuta zakale. Pamalo omwewo dinani Clean up versions, muchotse zopitirira chaka, ndipo pa Keep saved versions musankhe Until space is needed.

Ngati magetsi anazimapo kapena wina anazula chingwe drive ili mkati molemba, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe chkdsk E: /f, m'malo mwa E muike chilembo cha drive yanu. Pulogalamu yaulere ya CrystalDiskInfo idzakuuzani za thanzi lake. Ikaonetsa Caution wachikasu, drive imeneyo musaidalirenso.

Zikatheka, pangani fayilo yoyesera mu Documents, dinani Run now, muifufute, ndiye muibweze kudzera pa Restore personal files. Muonenso ngati ntchito za makasitomala zilimo. Ambiri amazisunga pa D:, kumene File History siifika pokhapokha fodayo mutaiphatikiza mu library, gulu la mafoda la Windows monga Documents kapena Pictures.

*Pa ofesi ya kopaletivu yathu tinaika lamulo lokopera mafayilo la robocopy mu Task Scheduler, pulogalamu ya Windows yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti 22:00 iliyonse lizikopera mabuku a ndalama ndi mayina a alimi kupita pa drive E. Masiku ena limachita, ena ayi. Likachita, Last Run Result imalemba 0x1. Tikulakwitsa pati? Mlembi, Katete.*

Bambo mlembi, 0x1 asakudetseni nkhawa. Kwa mapulogalamu ena ndi chizindikiro cha vuto, koma kwa robocopy nambala 1 imatanthauza kuti yakopera bwino, 0 kuti panalibe chatsopano chokopera. Kulephera kumayambira pa 8 kupita m'mwamba.

Masiku odumphawo tikuganiza kuti ndi a mdima. Tsegulani ntchitoyo mu Task Scheduler mupite pa Conditions. Mupeza kabokosi ka Start the task only if the computer is on AC power kali kochonga, chifukwa Windows imakachonga yokha. Ndiye 22:00 ikakwana magetsi kulibe, laputopu ili pa batire, ntchito siiyamba ndipo palibe amene amakuuzani. Chotsani chongacho pamodzi ndi cha m'munsi mwake choimitsa ntchito magetsi akazima. Pa Settings chongani Run task as soon as possible after a scheduled start is missed. Komanso ife sitikuona chifukwa chodikira usiku, pamene ofesi yatsekedwa ndipo laputopu mwina yagona m'chikwama cha wapampando. Ikani 12:30, anthu akupita kukadya nsima.

Chilembo E nachonso sichokhulupirika. Wina akalowetsa flashi drive yanu isanalumikizidwe, flashiyo itenga E, drive itenga F. Apa pali ngozi ngati lamulo lanu lili ndi /MIR, pakuti /MIR imafufuta chilichonse cha m'foda yolandira chimene kulibe kochokera. Fayilo ikafufutidwa mwangozi pa laputopu masana, usiku idzafufutidwanso pa drive. Gwiritsani /E m'malo mwake, imene imakopera mafoda onse osafufuta kanthu. Pokonza za chilembocho, lembani diskmgmt.msc pa Run (batani la Windows ndi R), dinani drive ndi batani lakumanja, Change Drive Letter and Paths, muipatse chilembo chakutali monga R, ndipo musinthenso m'lamulo.

Onjezerani /R:2 /W:5, kutanthauza kuyesanso kawiri kokha, n'kudikira masekondi 5. Popanda zimenezi, robocopy ikakumana ndi fayilo imene ikukana kukopereka chifukwa pulogalamu ina yaigwira, imayesanso mpaka ka 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 pakati pake. Ikaninso /LOG+:C:\backup\lipoti.txt, mutapanga kaye fodayo, kuti m'mawa muziwerenga zimene zachitika. Ndipo ngati munasintha pasiwedi ya Windows posachedwa, ilembeninso mu ntchitoyo. Ntchito yoikidwa kuti iziyenda ngakhale munthu asanalowe imasunga pasiwedi yakale.

*OneDrive yanga imangoti yaima. Intaneti ndimatenga pa hotspot ya foni. Mphunzitsi, Lundazi.*

Aphunzitsi, OneDrive, yosungira mafayilo pa intaneti ya Microsoft, imadziimitsa ikaona kuti intaneti ndi yolipira pa bandulo, komanso laputopu ikalowa mu battery saver. Zonse ziwiri zili mu Settings za OneDrive, ndipo mungazizime. Koma yambani mwaona kukula kwa zimene zikudikira kukwera, chifukwa vidiyo imodzi ya tsiku lotsekera sukulu ingamalize bandulo ya sabata. Malo aulere a OneDrive ndi 5GB basi, akadzaza palibe chokwera. A Google Drive ndi 15GB, ogawana ndi Gmail ndi Google Photos. Masikimu, mayeso ndi mamakisi a ana akwana bwino mu 5GB. Mavidiyo aikeni pa drive kapena flashi, koma ya format ya NTFS kapena exFAT, chifukwa ya FAT32 imakana fayilo yopitirira 4GB ngakhale malo atakhalapo. Kusintha mtunduwo ndi format kumafufuta zonse, choncho samutsani kaye zimene zilimo.