Ndili ndi pakati ku Joni, masiku a pasipoti anatha: ndipite kuchipatala?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa kwathu kuno ku Ntcheu, cha ku Tsangano, amene ali ku Johannesburg. Akuti ali ndi pakati pa miyezi inayi, poyamba. Masiku 30 amene anawadindira pa boda anatha kalekale, ndipo sikelo sanayambe poopa kuti anamwino awaitanira apolisi. Usiku sakugona. Amayi awo akuti abwerere adzachirire kumudzi, bambo a mwana akuti ya basi palibe. Funso lawo nali: "Ndipite kuchipatala kapena ndidikire kaye mapepala?"

Achemwali, pitani kusikelo sabata ino. Mapepala a ku Home Affairs, ofesi ya boma yoona za ziphaso ndi zolowa m'dziko, atha kuchedwa chaka kapena osatuluka n'komwe, pomwe mimba ili ndi masabata 40 okha, ndipo anu 16 apita kale.

Lamulo la dziko limenelo lili kumbali yanu. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo munthu wodwala mwakayakaya sayenera kubwezedwa. Lamulo la zaumoyo la 2003 limati amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma. Zipatala zina za ku Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, zitayamba kulipiritsa alendo, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la SECTION27 linakamang'ala kukhoti, ndipo mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg linagamula kuti ulerewu ndi wa mayi aliyense, wa dziko lililonse, mapepala alipo kapena palibe.

Sindikunamizani kuti pageti mudzalandiridwa ndi manja awiri. Magulu ngati Operation Dudula akhala akuima pazipata za makiliniki n'kumabweza alendo, ndipo pali makalaliki amwano. Amenewo si boma. Musapite nokha, lawirirani m'mawa, ndipo akakubwezani lembani tsiku ndi dzina la kiliniki, kenako yesani ina n'kukauza a SECTION27 kapena a Lawyers for Human Rights, maloya omenyera ufulu wa anthu.

Pali chinthu chimodzi chimene anzathu kumeneko amalangizana chomwe chimandinyansa: kubwereka chiphaso cha munthu wina pokalembetsa sikelo. Musayerekeze. Buku la sikelo limasunga gulu la magazi anu, zotsatira za HIV ndi chindoko, ndi mmene BP yakhala ikuyendera. Tsiku lochira, pepala lotsimikiza kuti mwana wabadwa lidzatuluka m'dzina la mwini chiphasoyo, ndiye pamaso pa boma mwana wanu adzakhala wa eni. Kukonza zimenezo ndi mlandu wovuta. Tengani pasipoti yanu yomweyo, ngakhale masiku anatha. Chimodzimodzi za kutumiza pasipoti ndi madalaivala kuti akadinditse ku Beitbridge, pa boda ya South Africa ndi Zimbabwe: chidindo chikapezeka chabodza, mlandu umaposa wongopitirira masiku.

Kusikelo adzakupimani BP ndi mkodzo, akupatsani mapiritsi owonjezera magazi, ndipo adzafuna kukuonani ka 8 mimba yonse, monga bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangizira mu 2016. Pemphaninso akulembetseni pa MomConnect, muzilandira uphungu pafoni ulere. Mukaona magazi, mutu waukulu wosamva mankhwala, kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, madzi kutuluka nthawi isanakwane, kapena mwana kusiya kugunda miyezi ikapita, musadikire kuti kuche. Imbani 112 pafoni yam'manja kapena 10177. Mwanamphepo ndi zitsamba zina zofulumizitsa matenda, kaya atumiza ndani pabasi, zisiyeni. Zimatha kung'amba chiberekero.

Tsono za amayi anu. Sakulakwa. Kwathu kuno pakati poyamba si pa munthu mmodzi: pamakhala anankungwi olangiza, azakhali, wina wophika phala, wina wokhala nanu m'chikuta. Gawo lalikulu la kusagona kwanuko n'kusowa anthu amenewa. Koma ngati mukubwera, ganizo limangeni msanga. Basi ya ku Joni imadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete isanafike pa Mwanza kapena pa Dedza, masiku awiri kapena kuposa muli chikhalire, ndipo mayi woyembekezera akakhala motero magazi amatha kuundana m'miyendo. Ulendo umenewo ndi wa mwezi wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, osati wachisanu ndi chinayi. Dziwaninso mtengo wake: kuyambira 2014, wopitirira masiku oposa 30 akamatuluka amaletsedwa kulowanso kwa zaka 5. Ngati bambo a mwana atsalira komweko, kambiranani zimenezi maso ndi maso. Mukafika kuno yambani sikelo pompopompo, mulandire Fansidar ndi neti, chifukwa ku Johannesburg kulibe malungo ndipo thupi limaiwala kudziteteza.

Mukasankha kuchirira komweko, musatuluke m'chipatala opanda pepala la kubadwa kwa mwana ndi buku lake la Road to Health. Mwana amalembetsedwa ku Home Affairs pasanathe masiku 30. Kubadwira ku South Africa sikumupanga kukhala nzika ya kumeneko. Ndi Mmalawi chifukwa cha inu, ndipo zikalata zake zoyendera mukafunsa ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Mapepala onse ajambuleni pafoni, mutumizire mbale wodalirika kuno.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndaona zotsatira za sikelo yoyamba ndisanamange za ulendo. BP ikakhala yokwera kapena magazi ochepa, anamwino ndiwo anene ngati msewu mungauthe.

Nkhawa nayo musaibise kuti ndi yochititsa manyazi. Mukatha masabata awiri osagona, osadya, kumangolira, auzeni anamwino momwemo, chifukwa nawo ndi matenda ndipo chithandizo chilipo. Bungwe la SADAG, lothandiza anthu ovutika maganizo, limaperekanso uphungu pafoni. Pezani mayi mmodzi wamkulu wa kumpingo kwanu kumeneko, wa Mvano kapena wa gulu lina, amene anachirirapo konko ndipo amamva Chizulu, akuperekezeni tsiku loyamba. Magulu a WhatsApp otumizirana mavidiyo a anthu akukwezedwa mgalimoto ya ku Lindela, kumene amasungirako alendo opanda mapepala asanawabweze kwawo, atulukeni kaye. Amayi muwaimbire mukachoka kusikelo, muwawerengere zimene zalembedwa m'bukumo, kenako nkhani ya basi muikambe muli ndi tsiku loyembekezera kuchira m'manja.