Achemwali, imbirani a inshuwaransi kaye

Achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, koma kulemba sindingathe, manja ali girisi yekhayekha, ndiye ndingolankhula. Enanu pagulupa mupirire, zitenga kanthawi.

Mwati mukufuna kagalimoto kakang'ono katsopano, ka otomatiki, koti muzipitira kuntchito ku Sandton kuchokera ku Rosettenville kuno ku Johannesburg komanso kukatulira ana kusukulu. Mwaona Suzuki Swift, Polo Vivo ndi Toyota Starlet, ndipo wogulitsa wina wakuuzani kuti Polo mungamalipire zochepa pamwezi mukavomera balloon, kutanthauza gawo la ngongole limene mumadzalipira kamodzi kumapeto. Ndiye mukufunsa kuti mutenge iti.

Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Swift. Koma musathamangire kukasaina chifukwa ndanena ine, imvani kaye pomwe pagona nkhani. Ndalama imene wogulitsa amakulemberani pakapepala ija ndi ya banki yokha. Pamwamba pake pali inshuwaransi, pali tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, pali petulo, pali sevisi. Galimoto ya ngongole banki silola kuti ituluke pageti popanda inshuwaransi ya comprehensive, yolipira galimotoyo ikabedwa kapena ikachita ngozi, ndiye imeneyo simungaizembe. Mawa m'mawa, musanapite kwina kulikonse, imbirani makampani awiri kapena atatu a inshuwaransi, muwapatse adiresi yanu yeniyeni ya ku Rosettenville, muwauze komwe galimoto izigona usiku, kenako muwafunse mtengo wa magalimoto atatuwo, iliyonse payokha. Mukamva kusiyana kwake mudzandiyimbira nokha. Ndipo chonde musaname kuti izigona mugalaja pomwe izigona panja pa fulati. Tsiku lomwe yabedwa amabwera kudzaona okha, akapeza kuti munanama salipira, inu n'kutsala ndi ngongole ya galimoto yoti kulibe.

Apa ndi pomwe Polo imandivutira. Galimotoyo ndi yabwino, sindinganame. Amaipanga konkuno, ku Kariega ku Eastern Cape, komwe kale ankati Uitenhage, ndipo ikakhala pa haiwe imakhazikika, chitseko ukachitseka chimamveka kuti ndi chitsulo. Masipeya ake ali paliponse, ndipo mukadzafuna kuigulitsa simuchedwa kupeza wogula. Koma akuba nawonso amaikonda pa zifukwa zomwezo. Kuno ku Joni aliyense amadziwa kuti Polo ili m'gulu la magalimoto amene amabedwa ndi kulandidwa kwambiri, ena amangozula magetsi akutsogolo galimoto itaima pamsika. A inshuwaransi amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakweza mtengo ndipo kawirikawiri amakakamiza tracker. Inu mumaweruka mochedwa, mumafika pageti kutada muli ndi ana kumbuyo. Ine mtima wanga sungakhale m'malo. Komanso Polo Vivo ya otomatiki ndi ya injini ya 1.6, mtengo wake uli pamwamba kuposa ija munaiona pachikwangwani.

Tsopano balloon ija. Achemwali, ikaneni. Ndikupatseni chitsanzo chabe, musatenge ngati mtengo weniweni. Tinene kuti galimoto ndi ya R240,000, iwo akuti balloon ya 30 peresenti. Ndiye kuti R72,000 aichotsa n'kuiika kumapeto. Mumalipira miyezi 72, zaka 6 zathunthu, mukuona ngati zikupepuka, koma chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse kuphatikizapo yoikidwa pambali ija. Mwezi womaliza ukafika banki ikuti tipatseni R72,000 kamodzi. Mulibe, ndiye mutenganso ngongole ina pa galimoto yoti yakalamba, kapena muigulitse mubweze. Zili ngati kukongola chimanga nthawi ya njala kuti mudzabweze pokolola, nkhokwe imatha musanalawe n'komwe. Ngati popanda balloon ndalama ya pamwezi ikukukanikani, ndiye kuti galimoto imeneyo yakukulirani, tsikani mupite pa yotsika mtengo. Bola kusunga dipoziti miyezi ingapo, ngakhale 10 peresenti, kusiyana ndi kunyamula chimtolo chimenecho. Muwafunsenso ngati chiwongoladzanja chili fixed, chosasintha, kapena linked, chosinthasintha. Linked imayenda ndi prime, mlingo wa chiwongoladzanja umene mabanki amayendera, Reserve Bank ikakweza nanunso mwakwera.

China chimene wogulitsa mwina sanakuuzeni n'choti ife obwera, mabanki ambiri amayang'ana permit yathu yokhalira m'dziko muno. Nthawi zambiri safuna kuti ngongole ipitirire tsiku lomwe permit ikutha, ndipo ena amafuna dipoziti yokulirapo. Ndiye miyezi 72 imene akuwerengerani ija mwina simupatsidwa n'komwe, ikhoza kufupika, ndalama ya pamwezi n'kukwera. Muyambe mwafunsa ku banki yanu komwe malipiro amalowera, kenako wogulitsa atumizenso kwa ena okongoza ndalama za magalimoto monga WesBank ndi MFC, muyerekeze. Ndipo popeza mulibe ID ya kuno, mufunika traffic register number kuti galimoto ilembedwe m'dzina lanu. Imeneyo mukaitenge ku licensing department nthawi ikadalipo, musadikire tsiku lokatenga galimoto.

Ndibwerere ku Swift. Yatsopanoyi inafika kuno kumapeto kwa 2024, imachokera ku India, injini yake ndi 1.2 ya masilinda atatu. Mafuta imangonunkhiza. Kampani imati malita 4.4 pa makilomita 100 pa ya manyuwo, inu pa haiwe ya M1 ya kuno m'mawa mukuima n'kumayenda muyembekezere kupitirira pamenepo, komabe mwezi ukatha mudzaona kusiyana. Ili ndi ma airbag 6 ngakhale yotsika mtengo, ili ndi chija chothandiza kuti isaterereke pakona mvula ikagwa, ndipo waranti yake ndi zaka 5 kapena makilomita 200,000. Otomatiki yake ndi CVT, siisintha magiya modukizadukiza, imangokoka mosalala, koma mukaponda kwambiri imalira ngati ikudandaula. Musachite mantha, ndi mmene inapangidwira.

Kuipa kwake ndikuuzaninso. Mphamvu ndi zochepa, 60 kW basi. Ndiye kumbukirani kuti Johannesburg ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 17 peresenti poyerekeza ndi ku Durban. Mukakweza anthu anayi, n'kuyatsa eyakoni, pachitunda mudzaimva ikupuma. Buti yakenso ndi yaing'ono, malita 265. Pulamu ya mwana ikalowa, zogula za pamwezi zina zikhala pamiyendo.

Ngati zimenezo zikukudetsani nkhawa, ndiye Starlet. Imeneyo ndi yokulirapo, kumbuyo munthu wamkulu amakhala bwinobwino osapinda mawondo, injini ndi 1.5 ya 77 kW, pachitunda simuvutika. Koma dziwani kuti Starlet ndi Suzuki Baleno, amazipanga pafakitale imodzi ku India, n'kungosintha chizindikiro ndi nkhope pang'ono. Ndiye mukakonda Starlet, kafunseninso mtengo wa Baleno, muyerekeze waranti ndi masevisi aulere amene aliyense akupereka. Toyota waranti yake ndi zaka 3 kapena makilomita 100,000, koma magalaja ake ali m'tauni iliyonse ndipo dzina lake limagwira mtengo pogulitsa. Otomatiki yake ndi ya magiya anayi, yachikale, koma yolimba, siivuta.

Ndamva alamu akuti bwanji Vitz, paja kumudzi ndi mbwee. Alamu, Vitz ya kuno si ija ya ku Japan imene yadzaza ku Lilongwe ndi ku Blantyre ayi. Ya kuno ndi Suzuki Celerio ya injini ya 1.0, sipeya ya ku Limbe siingalowe. Ndi yotchipa inde, koma otomatiki yake ndi AMT, giya ya manyuwo imene kompyuta imakusinthirani, ndiye posintha imagwedeza mutu, ndipo pa loboti ya pachitunda imafuna kuizolowera. Achemwali sangaikonde. Hyundai Grand i10 ndi Kia Picanto nazonso zilipo, mukhoza kuziona podutsa, waranti zawo ndi zazitali, koma Picanto kumbuyo n'kothina kwa ana awiri ndi zikwama zawo.

Za ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi, poti ndikudziwa kuti zili m'mutu mwanu. Inde kagalimoto kotere kangafike, anthu amapita. N1 mpaka Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, kenako Zobue ndi Mwanza. Koma galimoto ya ngongole siidutsa malire popanda kalata ya banki, ndipo a inshuwaransi nawo ayenera kulemba kuti akuiteteza ku Zimbabwe, Mozambique ndi Malawi. Muwafunse zimenezi tsiku lomwelo mukufunsa mtengo. Komanso musasankhe galimoto chifukwa cha ulendo wa kamodzi pachaka. Katundu wolemera, mafiriji ndi masofa aja amayi akuwayembekezera, mutumize pa thiransipoti monga mwa nthawi zonse. Mukadzaza kagalimoto aka mpaka kudenga, maenje a mseu wa ku Tete akudyerani matayala ndi mashoko. Ndipo poona galimotoyo tsegulani buti, nyamulani kapeti, muone ngati pali tayala la sipeya lenileni, jeke ndi sipanala. Ambiri amazindikira ali kale pamsewu usiku.

Tsiku loyesa musalole kuti akuzungulitseni buloko imodzi basi. Tengani mpando wa mwana wanu wamng'ono uja, paja lamulo la kuno kuyambira 2015 limati mwana wosakwana zaka 3 azikhala pampando wake, muumange kumbuyo, ndiye mukhale kutsogolo muone ngati mawondo sakugunda. Ikani pulamu mubuti mutseke. Kenako mukwere haiwe, mupeze chitunda, muyatse eyakoni, muponde. Mubwererenso chambuyo polowa pamalo oimika, muone ngati mukuona bwino kumbuyo.

Ndipo pa pepala lomaliza lija muwerenge mzere uliwonse. Amakonda kuwonjezera tinthu, zoteteza penti, inshuwaransi ya matayala, waranti yowonjezera, ndi ija amati on the road fee. Zina mwa izo mukhoza kuzikana, ndipo zikalowa mungongole nazonso zimabala chiwongoladzanja. Filimu ya smash and grab, pulasitiki yomata pamagalasi kuti akuba asawaswe mosavuta, yokhayo ndiye muvomere, pa maloboti a m'tauni muno mukuwadziwa. Mukawauza kuti mukaganize kaye, adzati mtengowu ukutha lero. Siukutha, makamaka chakumapeto kwa mwezi pomwe iwo akufunitsitsa kugulitsa.

Loweruka ndimaweruka 1 koloko. Mukhale mutaimbira a inshuwaransi, mutenge ma payslip a miyezi itatu, sitetimenti ya ku banki, pasipoti, laisensi ndi kalata yosonyeza komwe mumakhala. Ndikupezani kunyumba, tiyambire ku Suzuki kenako ku Toyota. Kasitomala wafika, ndithamange. Mupereke moni kwa ana.